Luso lotsekeredwa m'kabati limafa ndi mwini wake

M'bandakucha wa Loweruka pa 18 May 2019, anyamata anayi adathyola holo ya pasukulu ina m'tauni ya Stamford ku England. M'holomo mudali mutayalidwa tisitima tapamtunda tating'onoting'ono pamodzi ndi tinjanji take, timasiteshoni ndi timilatho, zomwe mamembala a kalabu ya Market Deeping Model Railway Club ndi anzawo adakonza kuti anthu adzaone pachionetsero kukacha. Anyamatawo, omwe adali atalawa mowa, adagubuduza matebulo, kupondaponda tisitimato ndi kuponyaponya zonse zomwe adazipeza.

Katundu yemwe adaonongeka usiku umenewo adali wa ndalama pafupifupi £30,000. Koma chomwe chidawapweteka kwambiri eni ake, omwe ambiri adali azibambo opuma pantchito, ndi zaka zomwe adathera pa ntchitoyo. Ena mwa iwo adali atakhala zaka zoposa 20 akudula, akumata ndi kupenta tizidutswa tomwe sitigulitsidwa m'sitolo iliyonse. Munthu wa zaka 70 alibe zaka zina 20 zoti ayambirenso.

Nkhaniyi itamveka, kalabuyo idapempha akufuna kwabwino kuti aithandize ndi £500 yokha. M'masiku ochepa anthu a m'maiko osiyanasiyana adasonkha ndalama zoposa £100,000, ndipo woyimba wotchuka Rod Stewart yekha adaponyapo £10,000. Mkuluyu ankaudziwa ululu wake, chifukwa naye adatha zaka 23 akumanga mzinda wa tisitima m'chipinda cha pamwamba panyumba yake ku Los Angeles. Akamayenda kokayimba ankalipira chipinda china chapadera kuhotela choti azipangiramo tinyumba ta mzindawo.

Mwina wina akufunsa kale kuti kodi nkhani ya zidole za azungu yatani patsamba lino, pomwe m'makomo mwathu nkhawa ili pa mtengo wa feteleza ndi fizi ya ana. Funsoli ndi lomveka. Koma ife tikuona kuti m'nkhani ya tisitimati muli phunziro lokhudza banja lililonse lomwe lili ndi mkulu waluso ndi mwana wachidwi. Kusunga zinthu zakale n'kwabwino ndithu, koma luso lomwe mkulu walitsekera m'kabati, osalola mwana kulikhudza, limapita naye kumanda.

Poti kuno n'tosowa, tiyambe tafotokoza kuti tisitimati n'totani. Ndi timitu ta sitima ndi timabogi topangidwa motsanzira sitima zenizeni, chilichonse chili pamalo pake: mawilo, chumuni, nambala, ngakhale mtundu wa penti. Takale kwambiri timayenda ndi sipuling'i yopukusa ndi kiyi ngati wotchi ya pakhoma. Tambiri timayenda ndi magetsi ochepa mphamvu omwe amadutsa m'tinjanji n'kulowa m'kainjini kudzera m'mawilo.

Mwambowu ndi wakale. Kampani ya Märklin, ya m'tauni ya Göppingen ku Germany, idayamba mu 1859 ndi kupanga tiziwiya ta malata toseweretsa ana. Mu 1891, pachionetsero cha malonda mumzinda wa Leipzig, kampaniyi idaonetsa kasitima koyenda pa tinjanji tochita kulumikiza, tonse ta muyeso umodzi. Munthu akagula chaka chino, chaka chamawa ankatha kugula tinjanji tina n'kuwonjezera. Apa m'pomwe chidole chidasanduka chinthu chomanga pang'onopang'ono kwa moyo wonse.

Ku Britain dzina lodziwika pa nkhaniyi ndi la a Frank Hornby a mumzinda wa Liverpool, omwe adabadwa mu 1863. Iwo sadapite kusukulu ya zauinjiniya. Adali kalaliki wa mabuku a ndalama pakampani ina yoitanitsa nyama, ndipo madzulo akaweruka ankadula malata n'kumapangira ana awo zoseweretsa. Kenaka adaganiza zoboola timabowo m'tizitsulo kuti mwana azitha kumanga ndi mabawuti, kumasula, n'kumanganso chinthu china. Nzeruyi adailembetsa kuboma mu 1901 ndipo ndiyo idabala zoseweretsa zotchedwa Meccano.

Mu 1920 fakitale yawo ya pa Binns Road mumzindawo idatulutsa kasitima koyamba ka Hornby kopukusa ndi kiyi. Chomwe tikupempha owerenga kuti asaiwale n'chakuti kasitima koyambako kadali komanga ndi mabawuti. Kadapangidwa dala kuti mwana akamasule, aone za m'kati, akamangenso.

A Hornby adamwalira mu 1936, ndipo mu 1938 kampani yawo idatulutsa tisitima tocheperapo totchedwa Hornby Dublo, tokwana patebulo la m'nyumba wamba. Kamodzi mwa timitu toyamba kadali kotsanzira sitima za malasha za mtundu wa A4. Uwu ndi mtundu wa sitima yotchedwa Mallard, yomwe pa 3 July chaka chomwecho idathamanga makilomita 203 pa ola, liwiro lomwe palibe sitima ya nthunzi ina idaliposa mpaka lero. Mwana wogulidwa kamutu kotere ankakhala ngati wagwira nkhani ya m'nyuzipepala m'manja.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse idaimitsa ntchito yopanga zidole, n'chifukwa chake tisitima ta Dublo topangidwa nkhondoyo isadayambe n'tosowa kwambiri. Nkhondo itatha, kampani ina, ya Tri-ang, idayamba kupanga ta pulasitiki totsika mtengo m'tauni ya Margate, ndipo ta chitsulo ta ku Liverpool tidalephera kupikisana nato. Mu 1964 eni Tri-ang adagula Meccano, mu 1979 fakitale ya pa Binns Road idatsekedwa, ndipo pofika 1999 tisitima ta dzina la Hornby tinkapangidwira ku China. Kusintha kulikonse kotere kudasiya timitu tomwe palibe adzatipangenso, ndipo timeneti ndi tomwe anthu amalimbirana lero.

Okonda tisitima takale ali m'magulu awiri, ndipo magulu awiriwa sachedwa kukolana. Loyamba ndi la osonkhanitsa. Awa amafuna kamutu kakhale monga momwe kadatulukira m'fakitale: penti wake woyamba, kiyi wake, bokosi lake, ngakhale kapepala ka malangizo. Pa okushoni, kamutu komwe kali m'bokosi lake kamagulidwa mtengo wokwera kuposa kanzake kopanda bokosi, ndipo komwe wina adakapentanso kamatsika mtengo kwambiri ngakhale katawala bwanji. Mlimi wa fodya sangadabwe nazo, poti akudziwa kuti pa okushoni timasamba tochepa tolakwika timagwetsa belo lonse.

Osonkhanitsawa ali ndi mdani yemwe loko samuletsa. Tisitima tambiri ta m'zaka za m'ma 1930 mpaka m'ma 1950 tidapangidwa ndi chitsulo cha zinki chosakaniza ndi zitsulo zina. Pomwe m'chisakanizocho mudalowa mtovu ngakhale pang'ono, chitsulocho chimatupa, kung'aluka n'kuyamba kuyoyoka chokha pakapita zaka, makamaka pamalo achinyontho. Matendawa alibe mankhwala. Mwini wake atha kutsegula bokosi lomwe adalisunga zaka 40 n'kupeza mawilo atafumbutuka ngati chimanga cholowa anankafumbwe.

Gulu lachiwiri ndi la okonza ndi osintha. Kwa awa, kamutu kosayenda ndi chitsulo chabe. Amakamasula, kutsuka girisi wakale wouma, kuika mabulashi atsopano m'kainjini ndi kubwezeretsa mphamvu ya maginito omwe adafooka. Timitu ta Dublo takale tinkayenda pa tinjanji titatu, kapakati kali kopereka magetsi, ndiye ena amasintha mawilo ndi mawaya kuti tiziyenda pa tinjanji tiwiri monga ta masiku ano.

Ena amapitirira apo. Amafufuta nambala ya m'fakitale n'kulembapo ya sitima yomwe bambo awo ankayendetsa kapena yomwe inkadutsa kumudzi kwawo. Amapaka tifumbi ta mtundu wa mwaye ndi dzimbiri kuti kamutu kaoneke kotopa ngati kangofika kumene kuchokera ulendo wautali. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ambiri akhala akuika kachipangizo ka kompyuta m'timitu takale, njira yotchedwa DCC, kuti timitu tingapo tiziyenda panjanji imodzi kalikonse pa liwiro lake, tina tikulira ngati sitima yeniyeni.

Kuti muone kuti awa si masanje, tamvani masamu ake. Pa muyeso wotchuka ku Britain, wotchedwa OO, kamutu kamachepa ka 76 poyerekeza ndi sitima yeniyeni. Njanji za ku Britain zimatalikirana mamilimita 1,435, choncho mukagawa ndi 76 muyenera kupeza mamilimita pafupifupi 19. Koma tinjanji ta m'sitolo timatalikirana mamilimita 16.5 okha. Chifukwa chake n'chakuti tinjanjito tidatengedwa ku muyeso wina wochepa ka 87, koma tiinjini ta magetsi ta nthawiyo tinkakana kulowa m'timitu ta sitima za ku Britain, zomwe n'zochepa thupi. Opanga adangokulitsa thupi n'kusiya tinjanji momwemo.

Pali anthu omwe kusiyana kwa mamilimita awiriwa kumawasowetsa tulo. Amachotsa mawilo, kutalikitsa timitanda take ndi kudzikhomera okha tinjanji totalikirana mamilimita 18.83. Munthu wochita zimenezi waphunzira kugawa, kuyeza, kupala ndi tupa, kuwotcherera, kulondola waya wa magetsi ndi kusakaniza penti, zonse patebulo la kunyumba kwake. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotereku ndi komwe bwana aliyense wa galaja amakusakasaka mwa anyamata ake.

Tsono ndani akulondola pa magulu awiriwa? Osonkhanitsa amaona osintha ngati owononga mbiri, pomwe osintha amaona osonkhanitsa ngati anthu oweta ng'ombe yosakama. Ife tikuti onse ali ndi mfundo, ndipo malire ake ndi osavuta. Chinthu chosowa, chomwe chikaonongeka palibe china, chisungidwe monga chilili. Chinthu chomwe chidapangidwa chochuluka, monga timitu ta pulasitiki ta Tri-ang tomwe tili mbwee m'misika ya zakale ku Britain, chimasulidwe, chisinthidwe, ndipo koposa zonse chiperekedwe kwa mwana kuti aphunzirirepo.

Okonza ochenjera amatsatanso malamulo awiri. Loyamba, asadagwire sikuludiraiva amayamba afunsa odziwa kuti chomwe ali nachocho n'chiyani, poti safunsa adadya phula. Lachiwiri, chilichonse chomwe achotsa amachisunga mu envulopu n'kulembapo, kuti wobwera pambuyo adzathe kubwezeretsa. Ndi malamulo othandiza ngakhale kwa munthu yemwe akukonza makina osokera a agogo ake kapena njinga yakapalasa yomwe bambo ake adasiya.

Komatu chomwe chikuopseza mwambowu ku Britain lero si mkangano wa magulu awiriwa. Ndi ukalamba. Mu January 2024 sitolo ya Hattons, yomwe idayamba ku Liverpool mu 1946 ndipo idali imodzi mwa sitolo zazikulu zogulitsa tisitima m'dzikomo, idalengeza kuti ikutseka, ndipo mwa zifukwa zake idatchula kuchepa kwa ogula. Mwezi womwewo kalabu ya Warley, yomwe kwa zaka pafupifupi 30 inkachititsa chionetsero chachikulu cha tisitima ku Birmingham, idati siingathenso kusenza ntchitoyo chifukwa mamembala ake akalamba ndipo olowa m'malo sakuoneka.

Zifukwa zake zilipo zingapo, ndipo mafoni ndi masewera a pakompyuta ndi chimodzi mwa izo. Koma akuluakulu nawo ali ndi mlandu. Pomwe ogula ambiri adasanduka azibambo a ndalama zawo, makampani adayamba kupanga timitu tokongola mwapamwamba, tosalimba, ndiponso todula, moti tambiri lero timadutsa £150 kamodzi. Pamabokosi ambiri palembedwa kuti si toyenera mwana wosakwana zaka 14. Taganizani: mwambo womwe udayamba mu 1920 ndi kasitima ka mabawuti koti mwana amasule, wafika poti mwana amangoonera pagalasi la kabati manja ali kumbuyo.

Sitikunena kuti mwambowu watha ayi. Mu 2020, anthu atatsekeredwa m'nyumba kaamba ka Covid-19, malonda a tisitima adakwera. Ku Hamburg m'dziko la Germany, malo otchedwa Miniatur Wunderland, omwe mapasa Frederik ndi Gerrit Braun adatsegula mu 2001, amalandira alendo oposa 1 miliyoni pachaka, ndipo ambiri ndi mabanja a ana. Chidwi mwa ana chilipo. Chosowa ndi mkulu wolola kuti mwana agwire, alakwitse, ngakhale kuthyola kumene.

N'chifukwa chake tikuyamikira zomwe idachita kalabu ya Market Deeping ija. Khoti lidaweruza anyamata aja ndipo makolo a ena mwa iwo adalamulidwa kulipira chipepeso. Zikadakhala zomveka akuluakulu a kalabuyo akadangogula maloko akuluakulu n'kuthamangitsa mwana aliyense woyandikira. M'malo mwake adatsegula gawo la achinyamata kuti ana aziphunzira kupanga zomwe anzawo adaphwanya. Mwana yemwe wathera masabata atatu akumata kamlatho kamodzi sangaponde ka mnzake.

Mbiri ya ku Britain komweko ikuonetsa zomwe mwana wopatsidwa mpata angachite. Mu 1961 anyamata anayi apasukulu, omwe ankakonda kuonerera sitima pa mlatho wa ku Southall, adalemba kalata m'magazini ina kupempha anthu kuti asonkhe ndalama zopulumutsira mutu wa sitima ya malasha kwa odula zitsulo. Mu 1964 adagula mutu wa nambala 1466 pa mtengo wa £750. Bungwe lomwe adayambitsa, la Great Western Society, ndilo limayendetsa malo osungirako sitima zakale ku Didcot.

Boma la Britain litasiya kuyendetsa sitima za malasha mu 1968, mitu yambiri idadulidwa n'kusungunulidwa. Koma pamalo ena odulira zitsulo m'tauni ya Barry ku Wales, a Dai Woodham ankayamba kudula mabogi poti adali osavuta, mitu n'kumangoima pamzere. Magulu a anthu wamba adapezerapo mpata, ndipo pakati pa 1968 ndi 1990 adagula mitu 213 n'kuipulumutsa. Yambiri ikuyendanso lero ndipo imakopa alendo. Zidatheka chifukwa padali m'badwo womwe udakula ukukonda sitima, zazikulu ndi zazing'ono zomwe.

Apa m'pomwe nkhaniyi ikufikira kwathu kuno, chifukwa ifenso tili ndi njanji ndi mbiri yake. Njanji yochokera ku Nsanje, komwe kale kunkatchedwa Port Herald, idafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pamtsinje wa Zambezi udatha kumangidwa ndipo njanji idafika ku Salima. Mu 1970 idatsegulidwa yochokera pa Nkaya kudutsa Liwonde ndi Nayuchi kulowera ku Nacala, mu 1979 idafika ku Lilongwe ndipo mu 1980 ku Mchinji. Matauni monga Limbe, Luchenza ndi Balaka adakula chifukwa cha siteshoni.

Mitu iwiri yoyambirira pa njanji yathu idapangidwa ndi kampani ya W.G. Bagnall ya ku Stafford, England, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo idatchedwa Thistle ndi Shamrock. Itapuma pantchito, Thistle adaiika pasiteshoni ya Limbe pomwe Shamrock adaipititsa kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri. Mu 1968 chithunzi cha Thistle chidatuluka pa sitampa ya dziko lino. Izi ndi za gulu lija la zosowa, zomwe zikapita palibe zina.

Funso ndi lakuti ndi ana angati a ku Balaka kapena Salima omwe adamvapo maina awiriwa? Tonse tikudziwa momwe malonda a zitsulo zakutha akusesera chilichonse cholemera, kufikira mabawuti a njanji yomwe sitima ikuyendapo. Kwa mnyamata yemwe palibe adamuuzapo kanthu, mutu wa sitima wa zaka zoposa 100 ndi makilogalamu chabe oti aikidwe pasikelo. Mlonda yekha sangauteteze. Chouteteza ndi m'badwo womwe ukudziwa kuti chinthucho n'chiyani.

Mwayi wathu ndi wakuti manja aluso sitichita kuitanitsa kunja. Pitani kuseri kwa msika uliwonse, mukapeza ana akupinda waya kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chokhota ndi mawilo a zitsekerero za mabotolo. Ena amaumba malole a dongo, ena amadula zigubu ndi makatoni kupanga minibasi yokhala ndi chitseko chotseguka. Luso limeneli lidadziwika mpaka kunja, moti mu 1990 mayi Karen Lynn Williams a ku America adatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa kuno wosakasaka waya.

Mwana ameneyu akuchita zomwezo zomwe mkulu wa ku England amachita ndi tisitima take. Waona chinthu chenicheni, wachiyeza ndi maso, wachichepetsa, ndipo akusintha apa ndi apo mpaka chiyende. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku England amagula zipangizo pomwe wathu amatola. N'zomvetsa chisoni kuti m'makomo ambiri mwana wotere amalandira mbama, galimoto yake n'kuponyedwa kudzala, ati akudetsa pakhomo ndi kutaya nthawi.

Tikumvetsa nkhawa ya makolo. Mayeso a Sitandade 8 salembedwa ndi waya, ndipo mwana wongoyendayenda m'magalaja kutola zitsulo atha kudzicheka kapena kuyamba kusolola za eni. Palibe akunena kuti mwana asiye homuweki kapena ntchito za pakhomo. Koma mankhwala a nkhawa imeneyi ndi kumupatsa nthawi yake, malo ake pakhonde, ndi mkulu womuyang'anira. Kumulanda waya sikuchotsa chidwi, kumangochipititsa kobisika komwe inu simungaone.

Ndipo waya ndi masamu sizilimbana. Njanji zathu zimatalikirana mamilimita 1,067. Mphunzitsi atauza ana kuti apange mutu wa sitima wochepa ka 64, tinjanji take tiyenera kutalikirana mamilimita 16 ndi theka kapena kuposerako pang'ono, womwe ndi muyeso wa tinjanji tija ta m'sitolo za ku Ulaya. Umu ndi momwe ena ku New Zealand, komwe njanji zawo n'zofanana ndi zathu, amapangira tisitima ta kwawo. Mwana yemwe wayeza bogi pasiteshoni ali ndi chilolezo, n'kugawa mbali iliyonse ndi 64, sangaiwale phunziro la magawo.

Tiwonjezere langizo kwa iwo omwe angapeze kasitima kenikeni, poti m'mabelo a kaunjika nthawi zina mumatuluka zidole, komanso abale athu a ku Britain ndi ku Joni amatumiza. Katembenuzeni muone dzina pansi. Mukaona Hornby Dublo, Meccano kapena Märklin pa kamutu kolemera ka chitsulo, musakakweche ndi mchenga, musakapente, ndipo bokosi lake musakolezere moto. Kaikeni pouma, mufunse kaye. Mukaona kuti n'ka pulasitiki wamba, kapatseni mwana ndi sikuludiraiva.

Samalaninso ziwiri izi. Tisitima tambiri ta magetsi timafuna mavoti 12 okha pomwe magetsi a m'nyumba ndi mavoti 230, choncho kulumikiza tinjanji ku soketi popanda kathiransifoma kake ndi kuputa ngozi. Chinanso, penti wa zidole zakale kwambiri nthawi zina amakhala ndi mtovu, womwe ndi poizoni. Zidole zotere zisafike kwa khanda lomwe chilichonse limaika m'kamwa.

Koma langizo lalikulu likupita kwa akuluakulu omwe ali ndi luso m'manja. M'matauni athu muli okhoma zidebe, okonza mawotchi ndi mawailesi, akalipentala, owotcherera, ndiponso madala omwe adapuma ku Malawi Railways atayendetsa kapena kukonza sitima moyo wawo wonse. Ambiri zipangizo zawo zili m'bokosi lokhoma kunsi kwa bedi, ndipo mdzukulu akangoligwira amakalipiridwa. Tsiku la maliro bokosilo limagawidwa, sipanala kwa uyu, tupa kwa uyo, koma nzeru yogwiritsira ntchito palibe woilandira.

Tikudziwa kuti zipangizo n'zodula ndipo mwana amataya. Tsatani malire omwe tanena aja. Choyezera chomwe mudapatsidwa popuma pantchito chisungeni, mwana azichiona inu mulipo n'kumva mbiri yake. Pulayala yakale, tupa lotha mano ndi wailesi yakufa mpatseni, zikhale zake. Akathyola, wathyola chinthu cha mtengo wochepa ndipo waphunzira chinthu cha mtengo wapatali. Ndipo tikati mwana tikunena wamkazi yemwe, poti waya sasankha dzanja.

Pempho lathu likupitanso kwa adindo. A nthambi yoona zosunga zinthu zakale ndi omwe akuyendetsa njanji aonetsetse kuti mitu yakale yomwe idatsala ili pansi pa denga, yapakidwa zoletsa dzimbiri, ndipo pambali pake pali chikwangwani cha m'Chichewa chofotokoza mbiri yake. Sukulu za m'mbali mwa njanji zizitengera ana kusiteshoni. Makhonsolo akamachititsa zionetsero zaulimi ndi zamalonda aziika tebulo la zopangapanga za ana, ndipo a TEVETA ndi a sukulu za ntchito zamanja azifika patebulopo, chifukwa ophunzira awo amawa ali pomwepo.

Zambiri mwa izi sizilira bajeti ya boma. Zikulira bambo, mayi, malume kapena agogo omwe angapatule ola limodzi Loweruka masana, kukhala pamkeka ndi mwana, n'kumufunsa kuti chiwongolero cha galimoto yake chimakhota bwanji. Mudzadabwa ndi yankho lake, ndipo iye adzadabwa kuti mwafunsa.

A ku Britain adachedwa kuzindikira kuti kabati ya magalasi imasunga chitsulo chokha, ndipo lero makalabu awo akusakasaka ana ndi nyali. Ife ana tili nawo, akupinda waya kuseri kwa nyumba popanda wowatuma. M'mera m'poyamba. Tsegulani bokosi lija adakali ndi chidwi, inunso maso adakaona.